Mapu a Thyolo ndi Mawu a Oyeza Malo

Ife okonda zolembalemba tinazolowera kusanthula nthano, ndakatulo ndi masewero, koma pali cholembedwa china chimene sitichilabadira ngakhale chili ndi mphamvu kuposa zonsezi. Cholembedwacho ndi mapu. Ndakatulo ikalembedwa molakwika, wowerenga amangotseka buku n'kukagona. Mapu akalembedwa molakwika, munthu amagona ndi njala chifukwa munda wake wapezeka kuti uli tsidya lina la mzere. M'nkhani ino ndikufuna kuwerenga mapu a minda ya tiyi ya ku Thyolo monga timawerengera buku, kufunsa amene analemba, mawu amene anasankha ndi zimene anasiya osalemba. Ndikufunanso kuona ngati Chichewa chathu chakonzeka kuyankhula pabwalo la oyeza malo, pakuti nkhani za malo masiku ano zikukambidwa ndi mawu monga datum, layer ndi polygon, amene mwini munda sanawamvepo chibadwire.

Tiyambe ndi dzina lenilenilo. Pa mapu a nthawi ya atsamunda simupezapo Thyolo ayi. Mupeza Cholo, monganso mupeza Mlanje m'malo mwa Mulanje ndi Tuchila m'malo mwa Thuchila. Khutu la mzungu silinkamva kampweya kamene timatulutsa potchula mawuwa, ndipo dzanja lake linkalemba zimene khutu lamva. Mpaka lero kambalame kosowa ka m'nkhalango za kumeneku kamadziwika kwa akatswiri a sayansi dziko lonse ndi dzina lakuti choloensis, ndipo palibe amene adzalisinthe. Dziko litalandira ufulu mu 1964 mayina a malo anakonzedwa pang'onopang'ono, ndipo ife a zolembalemba timanyadira zimenezi. Koma kukonza dzina inali ntchito yopepuka. Pa mapu pamakhala mayina ndi mizere. Ife tinakonza mayina, mizere n'kuisiya momwe inalili.

Mizereyo ili ndi mbiri yake. Harry Johnston atafika kudzalamulira dziko lino mu 1891 anapeza azungu atatenga kale malo ambiri kumapiri a Shire, ena atawagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuyambira mu 1892 iye anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim zotsimikiza kuti malowo ndi awo. Kumapiri a Shire kokha malo otere anaposa maekala 800,000, ndipo gawo lalikulu la Thyolo linalowa m'menemo. Zikalata zambiri zinali ndi ndime yakuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Mawu okoma ndithu. Koma kodi munda n'chiyani?

Kwa Mmang'anja wa nthawi imeneyo munda sunali chinthu chimodzi chokhazikika pamalo amodzi. Panali mphanje, malo ongoswa kumene. Panali tsala, munda wotopa umene ausiya kuti upume. Panali dimba kudambo, panalinso bwinja pamene panali mudzi kale, manda ali chapafupi. Mawu onsewa amanena kuti malowo ali ndi eni ake ngakhale lero simukuonapo khasu. Chingerezi cha m'chikalata chija chinkadziwa munda wolimidwa basi, china chilichonse n'kuchiyesa thengo lopanda mwini. Choncho banja likasiya munda wotopa n'kukaswa mphanje patsidya, chitetezo chija chinkathera pomwepo. Alomwe amene anayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 analibe chitetezocho n'komwe, ndipo anakhala pa malo a azungu polipira ndi thukuta lawo.

Apa mpamene mawu athu enieni anabedwa. Kuthangata kunali kuthandiza mnzako pantchito podziwa kuti mawa nayenso adzakuthandiza. Pa esiteti thangata inakhala ntchito yokakamiza yolipirira malo amene ukukhalapo. J.A.K. Kandawire analemba buku lonse mu 1979 pofuna kulekanitsa matanthauzo awiriwa. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Thyolo pa esiteti ya Bandanga mu 1908, Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923, ndipo mu Ogasiti 1953 mkwiyo wa anthu unaphulika pa esiteti ya Mangunda, zipolowe n'kufalikira madera ena. Thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma liwulo silinabwerere mwakale. Munthu wa ku Thyolo simungamuitane kuti abwere ku thangata iye n'kumva kuti mukumuitanira dima. Ndakumbutsa zimenezi kuti tione kuti mawu a zamalo si nkhani yongokometsera chiyankhulo.

Tsopano tibwere ku mawu a lero. Mapu amene ambiri tinawaona kusukulu ndi m'maofesi a boma ndi aja a 1:50,000, amene anajambulidwa kuchokera pa zithunzi za m'ndege mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Directorate of Overseas Surveys. Nambala imeneyi m'Chingerezi amaitcha scale, ndipo ambiri a ife timangoti sikelo. Ine sindigwirizana nako kubwereka kumeneku. Ku Thyolo sikelo ndi chija amayezera kulemera kwa masamba a tiyi amene munthu wathyola, ndipo ndalama zake zimachokera pamenepo. Mukauza mayi wothyola tiyi kuti mapu ali ndi sikelo, iye aganiza za makilogalamu. Chimene nambalayi ikunena n'chakuti sentimita imodzi papepala ikuimira mamita 500 pansi.

Tsono werengerani nokha. Ekala imodzi, imene alangizi amaiyerekeza ndi mayadi 70 m'litali ndi 70 m'lifupi, ndi mamita pafupifupi 64 mbali iliyonse. Pa mapu amenewa ekalayo ndi kadontho kongoposa pang'ono milimita imodzi, nsonga ya pensulo. Esiteti ya mahekitala 1,000 ikakhala yofanana mbali zonse imatenga masentimita oposa 6 mbali iliyonse, malo okwanira kulembapo dzina lake ndi zilembo zazikulu. Palibe amene wanama apa, masamu ndi omwewo. Komabe wowerenga mapuwo amatuluka ndi chithunzi chakuti Thyolo ndi dziko la maesiteti, pamene kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la masikweya kilomita 1,715, ndiye kuti anthu oposa 400 pa sikweya kilomita iliyonse, ambiri a iwo atapanikizana m'malo amene tiyi anasiya. Ndikadakonda tizinena kuti kachepetsedwe ka mapu, chifukwa mawuwa akuulula chimene chikuchitika. Dziko lachepetsedwa kuti likwane papepala, ndipo pochepetsapo ena asowa.

Liwu lachiwiri ndi datum, ndipo ili ndi loopsa kuposa loyamba lija chifukwa silioneka ndi maso. Dziko lapansi si lobulungira bwinobwino ngati mpira, choncho oyeza malo amayamba agwirizana kaye za maonekedwe ake ndi pamene ayambire kuwerenga. Mgwirizano umenewo ndiwo datum. Mapu akale a dziko lino anayezedwa potsata datum yotchedwa Arc 1950, pamene GPS ya m'mafoni mwathu imatsata ina yotchedwa WGS 84. Mukatenga manambala a bikoni kuchokera pa mapu akale n'kuwalowetsa mu GPS osawatembenuza, makinawo akakuimikani pamalo otalikira mamita oposa 100 kuchokera pamene bikoniyo ili. Kumbukirani kuti mbali imodzi ya ekala ndi mamita 64. Ndiye kuti mnyamata wosadziwa, atanyamula kachida kake monyada, angathe kusuntha malire kudumpha munda wonse wa munthu, anthu n'kumuombera m'manja poti makina sanama.

Kodi mfundo imeneyi ndi yovuta kuti munthu wa kumudzi aimve? Ayi ndithu. Aliyense amene anagwirapo ganyu amadziwa kuti kapitawo akamagawa ndime ndi ndodo, chofunika n'kudziwa chitsa chimene wayambira. Akayambira chitsa china, ndime zonse zasuntha ngakhale ndodo ili yomweyo. Datum ndi poyambira kuyeza, basi. Mlimi akadziwa mawu amenewa angathe kufunsa woyeza malo kuti, “Bambo, poyambira panu ndi pomwe paja anayambira anzanu kale?” Funso limeneli lokha lingapulumutse munda. Ndionjezepo kuti tikamanena kuti boma la Thyolo lili pafupi ndi madigiri 16 kummwera kwa equator ndi 35 kuvuma, 35 ameneyo tikumuwerenga kuchokera ku Greenwich, mu mzinda wa London. Ngakhale manambala ali ndi kwawo.

Liwu limene landitengera nthawi yambiri ndi layer. Masiku ano mapu sakhalanso pepala limodzi. Amakhala m'kompyuta, m'njira yotchedwa GIS imene inayambira ku Canada m'zaka za m'ma 1960 pansi pa Roger Tomlinson. Chinthu chilichonse chimakhala pachokha: misewu payokha, mitsinje monga Nswadzi ndi Thuchila payokha, tiyi payekha, malire paokha, kenaka woyendetsa kompyutayo amaziika china pamwamba pa chinzake. Chichewa sichivutika apa. Timayala mphasa, timasanjikiza zovala nthawi ya chiperoni. Layer ndi muyalo, ndipo kuika miyalo pamodzi ndi kusanjikiza. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti wosankha miyaloyo ndi mlembi ngati ife tomwe, koma savomera kuti ndi mlembi. Muyalo wa tiyi ulipo chifukwa wina anaufuna. Muyalo wa manda, wa mabwinja, wa njira zimene amayi amadutsa popita kukatunga madzi, ungakhalepo pokhapokha wina ataupempha, ndipo sangaupemphe ngati sakudziwa kuti zoterezi zimatheka.

Setilaiti ya Sentinel-2, imene inayamba kuuluka mu 2015, imajambula dziko m'timagawo ta mamita 10 mbali iliyonse, ndipo zithunzi zake aliyense angazipeze mwaulere. Kompyuta imaona timagawoto n'kumanena kuti apa ndi tiyi, apa ndi nkhalango, apa ndi chimanga. Koma palibe setilaiti imene ingakuuzeni kuti malo awa ndi ongokhala. Mawu amenewo ndi chigamulo cha munthu, ndipo ndi pa mawu amenewa pamene Thyolo wakhala akukanganirana. Mu 2016 anthu a bungwe la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, analowa m'malo ena a esiteti ya Conforzi ponena kuti malowo akungokhala. A Wandale anamangidwa ndipo khoti linawapeza olakwa. Eni maesiteti ali ndi yankho lawo limene sindilinyoza: mitengo ya bulugamu ndi nkhuni zoumitsira tiyi m'fakitale, nkhalango zachilengedwe zimateteza akasupe, ndipo aliyense anaona mmene nkhalango ya paphiri la Thyolo inathera anthu atalowamo ndi nkhwangwa. Naye munthu wopanda munda ali ndi yankho lake, pakuti amadutsa tsiku ndi tsiku pambali pa malo amene akuonapo mizere ya chimanga m'maganizo mwake. Chingerezi chimati encroachment, ife timati kulowerera, ndipo mawu onse awiriwa atenga kale mbali chifukwa akuvomereza kuti mzere wa 1892 uja ndiwo woyamba. Wolowererayo akanakhala ndi mpata akanafunsa kuti analowerera mnzake ndani.

Akatswiri a mapu ali ndi mawu ena amene ndimawakonda. Akamaliza kumasulira zithunzi za setilaiti amapita pamalopo kukatsimikiza, ndipo ntchitoyi amaitcha ground truthing. Mosazindikira akuvomereza kuti choonadi chili pansi. Makolo athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mlandu wa malire sautha pabwalo, mfumu ndi nduna zake amanyamuka kukaponda pamalopo, kuona nkhadze kapena khonje amene anabzalidwa m'malire, chulu, mwala, mtengo wa mango. Kukaponda ndi liwu lokwanira. Chimodzimodzinso polygon, amene ndi malo otsekedwa ndi mizere yolumikiza ngodya zake. Lamulo la mayiko a European Union la mu 2023 loletsa katundu wochokera m'malo odulidwa nkhalango likufuna kuti munda wa khofi woposa mahekitala 4 uperekedwe ngati polygon. Tiyi sali m'lamuloli, koma khofi amalimidwanso ku Thyolo. Wina anganene kuti tiziti chizungulire, koma liwulo lili kale ndi ntchito yake, ngakhale n'zoona kuti mlimi womvera zonsezi chimamugwiradi. Tingonena kuti malire otseka, mlimi amva.

Ena adzati Chichewa sichingathe kusenza katundu wotere. Ayambe aona liwu lakuti akalozera. Pa mapu pali timizere tokhotakhota tolumikiza malo onse okwera mofanana, m'Chingerezi contour. Iyi ndi mfundo ya masamu yovuta kuposa zina zonse zimene ndatchula, koma mlimi wa kwa Bvumbwe kapena kwa Changata amaidziwa bwino, chifukwa alangizi anamuphunzitsa kuunga akalozera pamtunda wotsetsereka kuti mizere yake iziwatsata ndipo madzi asakokolole nthaka. Liwuli linamera chifukwa linabwera ndi ntchito yogwira ndi manja, ndipo likunena chimene mzerewo umachita, kulozera. N'zochititsa chidwi kuti mfundo yomweyi, pamene atsamunda ankaikakamiza ndi chindapusa ndi ndende m'zaka za m'ma 1950, anthu anaida pansi pa dzina lakuti malimidwe. Onaninso mbali zinayi za dziko. Sitinabwereke kwa wina aliyense. Mpoto ndi mwera ndi mayina a mphepo, chimodzimodzinso vuma ndi zambwe, ndipo chiperoni chimene chimanyowetsa tiyi m'miyezi yozizira chinatenga dzina kuchokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique kumene chimachokera. Anthu amene anatchula mbali za dziko potsata mphepo sangalephere kutchula muyalo wa m'kompyuta.

Vuto lili pa ife amene timati ndife osunga chiyankhulo. Chaka chomwecho cha 1892 pamene Johnston ankayamba kupereka zikalata zake, David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa mtanthauziramawu wake wamkulu wa Chimang'anja. Mabuku awiriwa analembedwa m'dera limodzi, koma sanayankhulane. Tinakhala ndi Chichewa Board kuyambira mu 1972, kenaka Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996, imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ntchito imeneyo ndi yotamandika, koma mtanthauziramawu amasonkhanitsa mawu amene alipo kale. Mawu a luso latsopano amabadwira pamene odziwa lusolo akumana ndi odziwa chiyankhulo. Ku Ndata, m'boma lomweli la Thyolo, kuli Malawi University of Science and Technology imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo achinyamata akuphunzirako za mapu ndi zithunzi za setilaiti. Mu 2020 UNICEF inatsegula ku Lilongwe sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa kuulutsa madroni ndi kujambula malo. Maphunziro a m'sukulu zapamwamba amachitika m'Chingerezi, ndipo sindikudandaula nazo. Chimene ndikudandaula n'chakuti wophunzirayo akabwera kumudzi, agogo ake n'kumufunsa chimene kambalame kachitsulo kaja kakuona pamunda pawo, amayankha theka m'Chingerezi, theka ndi manja.

Nawonso omasulira ali ndi matenda awo awiri. Ena amangopotoza liwu la Chingerezi n'kuganiza kuti amasulira, monga sikelo uja. Ena amaopa kubwereka mpaka kupanga chiganizo chonse m'malo mwa liwu limodzi, GPS n'kukhala chipangizo chothandiza kudziwa malo amene munthu waima pogwiritsa ntchito zouluka za mumlengalenga. Palibe angatchule zimenezo kawiri pamsonkhano umodzi. Mapu, ekala, hekitala, bikoni ndi lizi tinabwereka kale ndipo akutitumikira bwino, GPS nayo ikhale GPS. Kubwereka kumaipa pokhapo pamene liwulo likugundana ndi lina limene lili kale m'makutu a anthu, kapena pamene likubisa mfundo imene munthu anayenera kuimvetsa kuti adziteteze.

Ndifikenso kwa ife alembi a nthano. Timakonda kwambiri kuyamba kuti “m'mudzi wina wake, kutali ndi tauni”. Tinatengera padangotero, ndipo m'nthano za kalulu n'zoyenera. Koma nthano ya mkangano wa malo imene siuza wowerenga kuti munda wake ndi waukulu bwanji, wachita malire ndi chiyani, chikalata chake chikuti chiyani, imasanduka kulira chabe. Timalemba kuti anthu akusowa malo, timamva chisoni, n'kutseka buku. Pajatu mlandu suola, ndipo wa Thyolo uli ndi zonse zimene mlembi amafuna: chikalata chakale cholembedwa m'chiyankhulo chimene wodinda chala sankachimva, bikoni yokwiririka m'udzu, mwana wa wothyola tiyi amene waphunzira GIS ndipo walembedwa ntchito yoyeza malire omwe agogo ake anathamangitsidwapo. Pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza malo, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje n'kukakhala ku Machinga ndi Mangochi. Umenewo ndi msamuko waukulu wa m'nthawi yathu ino, ndipo dzina la ntchitoyo linali Chichewa chomveka kwa aliyense. Kuti tilembe bwino za anthu amenewa tiyenera kudziwa kusiyana kwa ekala ndi hekitala, kuti hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, chifukwa pa kusiyana kumeneku ndi pamene pagona chimwemwe kapena kukhumudwa kwa banja limene lafika pamalo atsopano.

Liwu limene likundivutitsa kuposa onse lili m'lamulo. Customary Land Act ya mu 2016, imene inakonzedwanso mu 2022, imalola munthu kulembetsa munda wake wa makolo kuti uyezedwe, ujambulidwe ndipo alandire chikalata. Munda wolembetsedwa choncho lamulo limautcha customary estate. Kwa wodziwa malamulo a ku England, estate ndi ufulu umene munthu ali nawo pamalo, ndipo palibe chodabwitsa. Koma womasulira akaima pamsonkhano kwa Nchiramwera kapena kwa Kapichi n'kunena kuti boma likufuna minda yanu ikhale maesiteti, wanena china. Kumeneko esiteti ndi malo a mlonda ndi chipata, kumene nkhuni sutola popanda chilolezo, kumene agogo ankagwira thangata. Womvera wina adzasangalala poganiza kuti akwezedwa kukhala bwana, wina adzaopa poganiza kuti munda wake ukupita kumene inapita ija ya 1892, ndipo onse awiri adzakhala atamva zimene lamulo silikunena. Womasulirayo akanangoti munda wa makolo wolembetsedwa, msonkhano ukanapita msanga ku mafunso enieni: dzina la ndani lilembedwe pachikalata m'dera limene malo amatsata kuchikazi ndipo mwamuna ndi mkamwini, tsala liwerengedwa kapena ayi, ndipo woyezayo ayambira pati.